Mpando wa Apongozi Anga

Ndinawaona akukhota pangodya ya kashopu ka buledi, atatu, atatsogozana. Ndinkayanika matewera, mwana ali kumsana. Thewera limodzi linandipulumuka n'kugwera m'matope, ine osalitola. Ndinangoima, maso ali pa zitenje zawo. Zakuda. Ndinaphethira, n'kuyang'ananso. Zakuda ndithu. Ndipo wapatsogoloyo anali atanyamula kampando.

Lero nkhaniyi ndimaifotokoza ndikuseka, koma tsikulo kunalibe choseketsa. Kuti mumvetse chimene chinandiopsa, ndiyambe ndakuuzani za amayi atatuwo.

Kuno ku Chawama, mu Lusaka, kuli kalabu ya amayi imene inayamba ine ndisanabadwe. Anaiyambitsa ndi amayi anayi, akazi a anthu amene anachokera ku Malawi kudzagwira ntchito. Amuna awo akapita kuntchito, iwo ankasowa wocheza naye m'chilankhulo cha kwawo, ndiye Loweruka masana ankakumana pansi pa mtengo wa mabulosi, aliyense atanyamula kampando kake, kumamwa thobwa, kuimba nyimbo za kumudzi ndi kujeda amuna awo. Kenako anthu anayamba kuwonjezekera. Lero kalabuyo ndi yaikulu. Muli a ku Chipata, a ku Katete, ena amachokera ku komboni ya Kuku, ena amakwera minibasi kuchokera ku Chilenje. Amavina pa maukwati, amaphika pamaliro. Onsewo amakhala pamabenchi ndi pamphasa. Oyambitsa okha ndi amene amakhala pa timipando tawo takale tomwe tija, ndipo palibe amene angayerekeze kukhalapo, ngakhale mwini wake atapita kokataya madzi.

Mmodzi mwa anayiwo anali apongozi anga, amayi awo a amuna anga. Anamwalira ine ndili ndi pakati. Anatsala atatu. Oyamba amagulitsa makala, kuno timati malasha, ndiye aliyense amangowatcha amayi a malasha. Ndi athupi, ndipo akamanong'ona amamveka kutsidya kwa msewu. Achiwiri ndi atelala, owonda, magalasi awo omanga ndi ulusi, pachifuwa sipasowa singano. Achitatu ndi aakulu pa onse, timangowatcha ambuya. Amayendera ndodo ya ambulera yakale ndipo salankhula kawirikawiri.

Tsono amayi amenewa ali ndi ntchito ina imene anthu saikonda kuitchula. Munthu wa m'banja la kalabu akafera kutali, kaya pangozi kaya kuchipatala, mkazi wake sauzidwa pa foni. Uthenga umayamba wafika kwa atatuwa. Kalabu ili ndi zitenje ziwiri, chachikasu cha pachisangalalo ndi chakuda cha pamaliro. Iwo amavala chakudacho, amanyamula kampando, n'kupita okha kukanena.

Ndinaziona ndi maso angawa. Timakhala pamdadada wa nyumba za lendi, ndipo mnzanga wa chitseko choyandikana ndi changa, amuna ake anagundidwa ndi galimoto pamsewu wa Kafue. Amayiwo anabwera chimodzimodzi, atatsogozana, osathamanga. Anapereka moni wautali ngati palibe kanthu. Kenako atelala anati, "Tabweretsa mwanayo timuone," n'kumumasula mwana kumsana. Anamukhazika mnzangayo pakampando. Ambuya anafunsa kuti, "Manja alibe kanthu?" Atawaonetsa manja, ndi pamene ananena. Akuti kalekale mayi wina anagwa ndi mwana atamva uthenga, ndiye kuyambira pamenepo sanena kanthu kwa munthu woimirira kapena wonyamula. Tsikulo mwana wa mnzangayo anandipatsira ine. Ndinamugwira ndikumva amake akulira mpaka mawu kutha.

Ndiye inu ganizani. Amuna anga amathandiza dalaivala wa lole. Ulendo umenewo anapita ndi simenti ku Chirundu, ndipo anayenera kukhala atabwera dzulo lake. Sanabwere. Ndikaimba foni, kankayankha ndi kamayi ka m'foni kaja kamene kamanena m'Chingerezi kuti yazimitsidwa. Ndinadziuza kuti mwina moto watha. Ndinadziuza kuti kumapiri kulibe netiweki. M'mawa ndinapita kumpopi, ndili pamzere wa zigubu, mayi wina amene sindimudziwa n'komwe anati kwa mnzake, "Mwamvela? Chilole chagwa ku mapili ya ku Chirundu. Bakamba ati bantu bafa."

Ndinamugwira dzanja. "Ya simenti?"

"Kaya, sininaone bwino, foni ni ya basisi banga. Chabe nenze naona mawilo yali mumwamba."

Chigubu ndinabwera nacho chosadzaza. Ndinaimbanso foni, kamayi komwe kaja. Ndinaimbanso. Ndinayamba kuchapa matewera kuti manja apeze chochita, ndikuuza Mulungu m'mtima kuti malole ndi ambiri, Ambuye, malole ndi ambiri pamsewu umene uja. Ndipo ndili pakati poyanika, ndi pamene ndinawaona.

Ndinapempha kuti apitirire. Ndikudziwa kuti ndi pemphero loipa, chifukwa akapitirira ndiye kuti akupita kwa wina, koma ndinapempha. Anadutsa pampopi. Anadutsa nyumba ya alandilodi. Ndinkayang'ana mapazi awo, kuti mwina akhotera kunjira ya kutchalitchi. Sanakhote. Nkhope zawo zinali ndwii, osayang'anana, osalankhulana, amayi a malasha amene amapatsa moni ngakhale agalu anangodutsa anthu ngati sakuwaona. Pabwalo pathu panangoti zii. Wina anachepetsa wailesi. Alandilodi anasiya kusesa, tsache lili m'manja. Mnzanga wamasiye uja anatuluka, anawaona, anandiyang'ana ine, n'kugwira pakamwa.

Ndinathawa. Ee, ndinathawira m'nyumba, n'kutseka chitseko, n'kulowetsa kachitsulo, n'kutsamira pachitseko pomwepo mwana ali kumsana. Maganizo anga anali akuti akapanda kunditenga mwana sanena, akapanda kunena ndiye kuti sanafe. Musandifunse nzeru zake. Nthawi imeneyo zinkamveka zoona.

"Odi! Odi kuno!" Anali amayi a malasha, chitseko mpaka kunjenjemera kumsana kwanga.

Ine chete.

"Mwanawe, takuona ukulowa. Thewera lako ili m'matopemu."

Chete.

"Kodi watiyesa apolisi?"

Kenako mawu aang'ono a atelala: "Tsegula, mayi. Ambuya ako atopa, ayenda mtunda ndi mwendo wawo uja."

Ndinatseka maso. Ndinaona nsapato za amuna anga za kutchalitchi pansi pa bedi, ndinaona shati yawo ili pamsomali, ndipo ndinayamba kuganiza zopusa, zoti kodi shatiyo adzatenga ndani, kodi ndidzabwerera kwa amayi anga ku Kanyama, kodi mwanayu adzawadziwa bwanji bambo ake poti chithunzi chabwino tilibe. Ndiye mwana anayamba kulira. Anandiulula ndi iyeyo. Ndinatsegula.

Anakhala pakhonde, amayi a malasha ndi atelala pamphasa, ambuya pa ndowa yovundikira. Kampando anakaika pakati, popanda wokhalapo. Ine ndinagwada pakhomo, dzanja limodzi litagwira mfundo ya mbereko pachifuwa.

"Wadzuka bwanji, mwanawe?"

"Ndadzuka."

"Mwana wadzuka bwanji? Akuyamwa?"

"Akuyamwa."

"Mano ayamba?"

"Ayi."

"Nanga amayi ako ku Kanyama? Madzi sanalowe m'nyumba chaka chino?"

Anafunsa za mwana, za amayi anga, za mvula, anafunsa ngakhale za chifuwa cha alandilodi. Za bambo ake a mwana sanafunse. Ndinadikira kuti afunse, ndinkayang'ana pakamwa pa aliyense, koma ayi. Pamenepo ndinadziwa kuti basi.

Atelala anadzuka, anakonza magalasi. "Tabweretsa mwanayo timuone."

"Ayi."

"Iii, wati chiyani?"

"Ayi, amayi, chonde. Akufuna kugona. Musiyeni."

"Tikuba ngati? Bweretsa kuno."

Ndinakanira mfundo ija ndi manja onse awiri, koma zala za atelala zinazolowera kumasula mfundo. Ndinangomva kumsana kwapepuka, mphepo ikuzizira pamene panali mwana. Mnzanga wamasiye anali atafika kale pambali panga, misozi ili mbwembwembwe. Anatambasula manja, atelala anamupatsira mwanayo, monga momwe anandipatsira ine wake uja.

"Khala apa," anatero amayi a malasha, akuloza kampando.

Ndinakayang'ana, ndipo ndinakazindikira. Mwendo umodzi womanga ndi waya, pambali chipsera chakuda pamene kanapsa ndi mbaula. Kanali ka apongozi anga. Ndinati, abweretsa ka amake chifukwa wamwalira ndi mwana wawo. Ndinakhala, kapena ndinene kuti ndinagwerapo. Kumbuyo kwanga ndinkamva anthu akulowa ndi kutuluka m'nyumba mwanga, zinthu zikukhululuka pansi, koma sindinacheuke.

Ambuya anatsamira pa ndodo yawo. "Manja alibe kanthu?"

Ndinawaonetsa. Ndipo sindinathenso kudikira.

"Nenani msanga! Ali kuti? Ali kuchipatala kapena kumochale? Nenani, ambuya, musandizungulire, ndamva kale kumpopi!"

Anayang'anana koyamba chifikireni.

"Ndani?" anafunsa atelala.

Koma amayi a malasha anali atapisa kale dzanja m'chikwama. Anatulutsa chinthu chopindidwa bwino n'kuchiika m'manja mwanga. "Landira ndi manja awiri, usalandire ngati ukulandira chenje."

Chinali chitenje. Chachikasu. Chatsopano, chikununkha kushopu.

Ambuya anayamba kulankhula pang'onopang'ono, ngati mawu amene anawaloweza. "Mwa ife anayi, apongozi ako ndi amene anayamba kutisiya. Mpando wawo wakhala kwa ine chichokereni iwo. Mwana wamkazi analibe. Ali pamphasa anatiuza kuti, mpando wanga mudzapatse mkazi wa mwana wanga, koma mudikire abereke, khanda lilimbe khosi. Khanda lalimba. Mpando ndi umene wakhalirawo. Kuyambira Loweruka lino ukhala pakati pathu."

Ndinkamva mawu koma osamva nkhani. Ndinayang'ana chitenje, ndinayang'ana ambuya.

"Ndiye simunabwere kudzanena maliro?"

"Maliro a ndani?"

"A bambo ake a mwana."

"Aa! Mwana iwe, lavula!" anakuwa amayi a malasha. "Lavula msanga mawu amenewo!"

Amene anawamasulira ndi mnzanga wamasiye. Iye ndi wobadwira mu Lusaka muno, salankhula mozungulira. Anaimirira mwana wanga ali paphewa, akupukuta misozi ndi chigongono. "Imwe bamai, sure! Mwavala va malilo, mwanyamula na mupando, mwamupoka mwana, mwamufunsa va manja. Bamuna bake sibanabwele kuchoka ku Chirundu, foni siingena. Manje mwenze kufuna aganize chani?"

Ndinaona atelala akuyang'ana chitenje chimene anavala, kenako cha anzawo, kenako kampando. Anavula magalasi.

"Ndinanena ine," anatero motsitsa. Kenako mokweza: "Ndinanena ine! Ndinati tivale chachikasu!"

"Mpando wa womwalira ungauyendetse pamsewu utavala za ukwati?" anayankha amayi a malasha. "Anthu akanati tikusangalala kuti mnzathu anapita."

"Nanga pano anthu akuti chiyani? Taonani bwalo ladzaza!"

"Amene wamulanda mwana ndi ndani? Ndine?"

"Akanalandira bwanji chitenje ndi manja awiri akukanirira mbereko?"

"Nonse awiri khalani chete," anatero ambuya. "Mwakangana kuyambira kwanga mpaka pashopu ya buledi, mwafika pano nkhope zili ngati mwamwa mankhwala a malungo. Ndi zimenezo zamuopsa mwanayu."

"Inu ndi amene mwafunsa za manja, ambuya."

"Ndafunsa, nanga ndikanafunsa chiyani? Ndi funso lokhalo limene ndimalidziwa."

Ndipo zinalidi choncho. Chiyambireni kalabu, mpando wa woyambitsa unali usanaperekedwepo kwa munthu. Panalibe mwambo wake. Ndiye atafuna kuchita chinthu cholemekezeka, anangotenga mayendedwe okhawo olemekezeka amene anawazolowera, a pokanena maliro. Za bambo ake a mwana anaiwala kufunsa chifukwa aliyense ankaganiza zimene amuyankhe mnzake akachoka pamenepo.

Ndinafuna kuseka, koma sindinathe. Amayiwa sanabwere ndi maliro, inde, koma amuna anga anali asanabwerebe, ndipo lole ija inagwadi. Ndinawauza zonse, za kumpopi, za mawilo m'mwamba, za kamayi ka m'foni. Mawu ankatuluka mothamangitsana, sindikudziwa ngati ankamveka.

Ambuya anandigwira bondo. Dzanja lawo linali louma, lofunda. "Tamvera. Uthenga woipa wa m'banja la kalabu umayamba kufika kwa ife. Kwanga sikunabwere munthu. Kwa awa sikunabwere munthu."

"Dalaivala wake ndi uti?" anafunsa amayi a malasha. "Wamfupi uja wa dazi, wa ku Kuku? Mkazi wake amagula malasha kwa ine. Dikira."

Anatulutsa foni pachifuwa. Akamaimba foni amayiwa amaigwira patsogolo pa kamwa ngati akuikalipira, ndiye bwalo lonse linamva mbali zonse ziwiri.

"Halo! Ndine wa malasha! Ayi, sindikunena za thumba lija. Amuna ako ali kuti?"

Mawu a mayi wina anatuluka mofinyika: "Bali ku mapili, bamai. Lole inafa, chinsimbi cha ku mawilo chinatyoka. Banagona kwamene kuja."

"Ali moyo?"

"Aa, bali che bwino! Banitumila kuseni na foni ya munzawo, bafuna nibatumile na ndiyo yodyela nsima."

"Nanga mnyamata wawo, mwana wa malemu mnzathu?"

"Uja bamutuma ku Lusaka na chinsimbi chotyoka, akwela lole inangu. Afunika ankale pafupi kufika. Ija inagwa ni ya bena, yenze na mapaipi."

Sindikumbuka kuti ndinatsika bwanji pakampando. Ndinangopezeka ndili pansi, nkhope ili m'chitenje chachikasu chija, ndikulira kuposa mmene ndikanalirira maliro enieni, ndipo pakati pa kulirako ndikuseka, mpweya osakwana. Mkaka unatuluka wokha n'kunyowetsa bulauzi. Mnzanga anandibwezera mwana, ndinamuyamwitsa pomwepo anthu onse akuona, ndikumununkhiza kumutu, ndikumuuza kuti bambo ako akubwera, wamva, akubwera ndi chitsulo chawo. Mwana ankangoyamwa, alibe nazo ntchito. Kamphindi kena ndinaganiza za lole ya mapaipi, kuti kwinakwake amayi ena akuyenda ndi kampando kupita pakhomo pa wina. Ndinamukumbatira mwana kwambiri mpaka anadandaula.

Nditacheuka ndi pamene ndinaona zimene zinkakhululuka zija. Tebulo langa linali panja. Mipando yanga iwiri, panja. Kabati ya mbale, panja. Kuno pakagwa maliro katundu amatulutsidwa m'nyumba kuti olira apeze pokhala, ndiye alandilodi, mayi wachangu, atangoona zitenje zakuda sanadikire kuuzidwa. Anali atayamba kale kumasula bedi.

"Nenze nifuna chabe kutandiza," anatero, chitsulo cha bedi chili m'manja.

Amayi a malasha anaseka mpaka kutsokomola. "Zisiyeni panja pomwepo, timwerepo tiyi. Mwanawe, tateleka madzi. Tatopa nako kukuopseza."

Anthu amene anabwera kudzalira sanachoke. Wina anabweretsa masikono, wina shuga, zinangosanduka kaphwando. Amayi atatu aja anakhala, awiri pamipando yanga, ambuya pandowa paja, zitenje zakuda zili m'chiuno, akusimba mmene kalabu inayambira, akutsutsana pa chilichonse. Atelala akuti mtengo wa mabulosi unali kumbuyo kwa nyumba yawo, amayi a malasha akuti bodza, unali kwa apongozi anga. Anandiuza kuti apongozi anga ndi amene ankayambitsa nyimbo, ndiponso kuti ankabera pa masewera a nsolo. Ine ndinkawadziwa ngati mayi wa nkhope yolimba amene ankayendetsa chala pa mbale zanga kuona ngati zayera. Sindinkadziwa kuti ankaseka, ndipo sindinkadziwa kuti ankandiganizira mpaka kundisiyira mpando.

Dzuwa litapendeka mwana anagona. Ndinakamugoneka m'nyumba pa matiresi, poti bedi linali lomasula, ndipo ndinakhala momwemo ndikudikira madzi ena awire pambaula. Ndili m'katimo ndinamva chitsulo chikugwa pansi, ngwee! Kenako mawu amene ndinali ndisanawamvepo chikwatiwireni:

"Mayo ine! Mayo ine, amayi! Ndani? Mwana kapena amake?"

Ndinatuluka ketulo ili m'manja. Amuna anga anali atagwada pakati pa bwalo, akuda bii ndi girisi, manja ali kumutu, chitsulo cha lole chili pambali. Inu ganizani zimene anaona atangokhota pashopu ya buledi: anthu ali khamu pakhomo pawo, katundu yense panja, amayi atatu a zitenje zakuda, kampando pakati popanda wokhalapo, mkazi wawo osaoneka, mwana osaoneka.

Anandiona. Anatseka pakamwa, n'kutsegulanso. "Ndiye ndi mwana?"

"Wagona."

"Wagona bwanji?"

"Wagona tulo, bambo ake! Tulo teniteni!"

Sanandikhulupirire. Anandidutsa, analowa m'nyumba ndi nsapato zamatope, ndinawatsatira, ndinawapeza atagwada pa matiresi, khutu lili pamphuno pa mwana. Anamunyamula, mwana anadzuka n'kuyamba kukuwa, ndipo munthu wamkuluyo anangokhala pansi akumvetsera kulirako ngati nyimbo. Kenako anandigwira mkono, n'kuusiya ndi zala zakuda. Ine ndinkangoyang'ana khosi lawo, mmene mtsempha unkagundira.

Titatuluka, bwalo lonse linali likugubuduka ndi phwete. Atelala anali atavula magalasi akupukuta maso.

"Banja lonse ndi la amantha," anatero amayi a malasha. "Mwapezana."

"Amayi, mwandipha ndili moyo," anatero amuna anga. "Kuchokera pashopu paja kufika pano sindikudziwa kuti ndayenda ndi miyendo ya ndani."

"Nanga foni yako ndi yokongoletsera thumba? Mkazi wako wauma ndi mantha kuyambira dzulo."

"Moto unatha, amayi."

"Amnzako abwereka bwanji ya anzawo? Dalaivala waitanitsa mpaka ndiwo, iwe osatumiza ngakhale moni."

Anaweramitsa mutu ngati mwana wa sukulu. Ndi pamene anakaona kampando. Anakanyamula, anakatembenuza, chala chikuyenda pa waya uja. "Ndinamanga ndine uyu," anatero. "Ndili wamng'ono. Amayi anandikalipira kuti ndamanga mokhota." Ambuya anawauza chifukwa chimene kanabwerera pakhomopo. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anakaika pansi bwinobwino, n'kupukuta pamwamba pake ndi mkono wa shati, kumene kunangowonjezera girisi.

Loweruka ndinapita kukalabu nditavala chachikasu, mwana kumsana, kampando m'manja. Ndinkachita manyazi kudutsa amayi akuluakulu a pamabenchi, ena a msinkhu wa amayi anga, kukakhala kutsogolo. Kampandoko kamagwedera, mpaka lero. Ambuya anandinong'oneza kuti apongozi anga ankaika kachidutswa ka njerwa pansi pa mwendo wa waya. Atatha mapemphero, amayi a malasha analengeza kuti mwini mpando watsopano anene mawu. Ndinaimirira, ndikugwira mfundo ya mbereko, ndipo ndinanena chinthu chimodzi chokha chimene ndinali nacho.

"Amayi, chonde, mukamapita kwa munthu ndi zabwino, muzinena mudakali kutali."

Anaseka onse, koma anavomera. Atelala anawonjezera kuti pazabwino azivala chachikasu, ndipo amayi a malasha sanatsutse, anangoti mfuu m'mphuno.

Pano ndimayenda nawo. Kukakhala koipa, ndine amene ndimalandira mwana, ndipo ndimamugwira bwino chifukwa ndikudziwa mmene kumsana kumazizirira. Koma masiku ambiri kumakhala kwabwino, kaya wina wabereka, kaya tikukaitana mkwatibwi. Tikangofika pangodya, nyumba isanaoneke n'komwe, amayi a malasha amaima, amakoka mpweya, n'kukuwa mpaka nkhuku kubalalika:

"N'zabwinotu! Musathawe! Musatulutse katundu!"